Kabureta ya Sikuta ya Tiyamike

Dalitso ndi Thokozani, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa pagalaja ya a Yunusu nditatsala zaka zitatu zokha kuti ndipume. Amayi anu ali ndi yankho lawo, loti ndine wamakani. Langa ndi ili, ndipo kuti mulimvetse ndiyambire ku Dedza.

Dedza, chaka chimene ndinamaliza sukulu ya umakaniko

Ntchito yanga yoyamba inali pa wekishopu yokonza njinga zamoto za alangizi a zaulimi. Zinali njinga zing'onozing'ono, zotopa, zoyenda m'fumbi la ku Mayani ndi ku Linthipe mpaka kubwerako zikutsokomola ngati nkhalamba za fodya. Bwana wanga anali a Mangani, bambo wamfupi wosaseka, amene ankavala ovolosi yosita ngati akupita ku ukwati. Zipangizo zatsopano kunalibe. Tikaitanitsa ku likulu m'chilimwe, yankho linkabwera mvula itagwa kale, choncho gasiketi, yotseka mpata pokumana zitsulo ziwiri, tinkadula pa katoni ya sopo. Tsiku lina ndinatenga singano kuti nditsegule jeti yotsekeka. Jeti ndi kamkuwa kakang'ono ka m'kati mwa kabureta, kokhala ndi kabowo kodutsa petulo. A Mangani anandigwira mkono. "Iwe, kabowo kameneko anakayeza anthu ophunzira kuposa iwe ndi ine. Ukakakuza ndi singano, njingayi idzamwa petulo ngati chidakwa mpaka kufa kwake. Zula kaulusi kamodzi pa bulashi yofewa, ukapisemo, kenako upemerere." Ndi iwowo amene anandiuza kuti kabureta ndi nkhoswe, ntchito yake ndi kugwirizanitsa mpweya ndi petulo, ndipo wina akaposa mnzake banja la m'injini silikhala. Anandiphunzitsanso kuwerenga pulagi, kachitsulo koyatsa moto m'injini. Ikada ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikayera mbee, mpweya wachuluka ndipo injini ikupsa. Ikafiirira ngati mtedza wokazinga, zonse zili m'malo. Ndinakhala pansi pa a Mangani zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindikumbukira tsiku limene anandiyamikira. Koma atapuma, dzina limene anapereka kuti lilowe m'malo mwawo linali langa.

Birmingham, chaka changa chachiwiri

Amayi anu atapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ine ndinabwera pambuyo ndi inu awiri. Mapepala anga a umakaniko palibe amene anawayang'ana. Chaka chathunthu ndinkatsuka magalimoto, manja ali m'madzi ozizira, ine amene ndinali ndi anthu asanu ndi mmodzi pansi panga ku Dedza. Za chaka chimenecho sindilemba zambiri.

Loweruka lina ndikukagula nyama ya mbuzi ku Small Heath, ndinamva sikuta ikulira mobanika m'kagalaja ka pakati pa shopu ya nsalu ndi malo ometera. Fungo la petulo linkafika mpaka pamsewu. Bambo wa ndevu zoyera anali atagwada pambali pake, akuilankhula m'chinenero chimene sindinkachimva, koma zinali zoonekeratu kuti sakuidalitsa. Ndinaima pakhomo ndi jumbo yanga ya nyama n'kunena m'Chingerezi kuti fuloti yakakamira. Fuloti ndi kachoyandama ka m'kambale ka pansi pa kabureta, kamene kamatseka petulo kambaleko kakadzaza. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundipatsa sikuludiraiva. Ndinatsegula kambale, ndinachotsa kachitsotso kamene kanatsekereza kasingano ka fuloti, ndinabwezeretsa zonse, sikuta n'kulira bwinobwino. "Dzina?" anafunsa. Ndinati Samson Kachingwe. "Mista Sam, Lolemba mubwere ndi ovolosi yanu."

Amenewo anali a Yunusu, bwana wabwino koposa onse amene ndinawagwirira ntchito. Ankandikalipira pa nkhani imodzi yokha, yoti ndimachedwa pocheza ndi makasitomala. Lachisanu akamapita ku mzikiti ankandisiyira makiyi, ndipo patatha chaka anandidulitsira kiyi wangawanga. Makasitomala athu ambiri anali operekera zakudya m'makomo pa masikuta akale, anthu oti njinga ikafa tsiku limodzi kwawo sikudyedwa. Mbiri inamveka kuti ku Small Heath kuli mkulu wa ku Afirika wokonza njinga ndi khutu.

Small Heath, patatha zaka khumi ndi zitatu

A Yunusu atayamba kudwaladwala, galaja inapita m'manja mwa mkamwini wawo, Tariq. Ndisamunamizire, sanali munthu woipa. Anali wophunzira, waukhondo, ndipo nthawi inali kumbali yake. Njinga zatsopano zinali zitasiya kabureta, petulo wake ankayezedwa ndi kompyuta, ndipo iye akalumikiza laputopu yake inkamuuza pamene padwala. Anaika chikwangwani pakhomo choti njinga za kabureta sitilandiranso. Ankati zimadya nthawi, zipangizo zake n'zosowa, ndipo mwini wake amabweranso kudzadandaula. Pa mfundo yomalizayi sankanama. Petulo wa masiku ano amamusakaniza ndi sipiriti, ndipo sipiritiyo amadya mipira ya njinga zakale n'kukoka madzi m'thanki. Koma kwa ine chimenecho chinali chifukwa chozilandirira, osati chozikanira. Zaka zinayi ndinkangosintha matayala, oyilo ndi mabuleki, ndikuonerera anthu akubwezedwa pakhomo ndi njinga zoti ndikanazidzutsa tiyi asanazizire.

Januwale, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu

Linali Lolemba m'mawa, chisanu chitayera pamagalasi a magalimoto. Mayi wina wachitsikana anafika akukankha sikuta yakale, yunifomu ya ogwira ntchito ya keya ikuonekera pansi pa chijekete chachikulu. Anali akupuma movutikira. Tariq asanatuluke mu ofesi, ndinamva mayiyo akudzilankhulira yekha: "Mayo ine, lero ndiye ndatha."

"Mwadzuka bwanji, achemwali?" ndinatero.

Anatembenuka ngati waitanidwa ndi munthu wakufa. "Bambo, ndinu a kwathu?"

Dzina lake anali Tiyamike, wa ku Mulanje, ndipo anali atatha miyezi isanu yokha m'dziko lino. Ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo kusambitsa okalamba, kuwadyetsa ndi kuwapatsa mankhwala, pakhomo lililonse pa nthawi yake. Nyumbazo zinali zotalikirana, ndipo ndi mabasi sizinkatheka. Sikutayo anaisiyiridwa ndi mnzake amene anasamukira ku Coventry. "Ikamalira m'mawa imalira bwinobwino," anatero, "koma ikangotentha, ndikaima pa maloboti imazima. Nthawi zina ndikasiya giya wa kudzanja, wopatsira moto uja, imapitirirabe kukuwa yokha. Sabata yathayi ndinaletako katatu, kufika nthawi itapita. Manejala wanena kuti ndikangoletanso kamodzi aunikanso za siponsa yanga, chilolezo chimene kampani inanditengera kuti ndigwire ntchito kuno. Bambo, ndikaluza jobu imeneyi viza yapita. Ana anga awiri ndawasiya ndi amayi kumudzi. Ndikabwerera ndi chiyani?" Shifiti yake yotsatira inali ya folo koloko madzulo a tsiku lomwelo.

Tariq anatuluka, anailiza, inalira pang'ono n'kuzima. Anapukusa mutu n'kumuuza mayiyo kuti injini yatha, aitaye akapeze ina. Ine ndinali nditamva kale zimene ndinafuna kumva. Injini yotha imagogoda, imatulutsa utsi. Iyi inkangolira mopyapyala, ngati munthu woimba ali ndi njala.

"Injini ili bwino," ndinamuuza Tariq. "Ikulandira mpweya wambiri, petulo wochepa. Ndi kabureta basi. Ndipatseni nthawi yanga ya lanchi."

"Sam, chikwangwani mwachiwerenga."

"Ndachiwerenga kwa zaka zinayi."

"Ndikalola imodzi, mawa zibwera khumi, ndipo ikakamuzimira pamsewu waukulu dzina loipa ndi la galaja yanga. Ayi."

"Mayiyu akapanda kufika pantchito folo koloko, abwezedwa kwawo."

"Ndamva, ndipo ndikumumvera chisoni. Koma muno si tchalitchi." Mwina akanalekera pomwepo tikanamvana. Koma anaonjezera mawu, makasitomala awiri akumva: "Mukaigwira njinga imeneyi, mutuluke nayo limodzi. Musabwererenso."

Ndinaima chilili ndi sipanala m'manja. Ndinaganiza za msinkhu wanga, kuti ndani angalembe ntchito makaniko wa imvi wosadziwa laputopu. Ndinaganiza za maondo a amayi anu, amene anali akuwerenga miyezi kuti achepetse mashifiti. Ndinaganiza za a Yunusu ali chigonere kunyumba, kuti adzamva bwanji. Ana anga, ndikuuzeni zoona, chifukwa m'tchalitchi nkhaniyi amaikamba ngati ndinali mngelo. Chisoni ndinali nacho, inde. Koma chinalipo china. Manja anga anali ndi njala. Ndinkadziwa matenda a njinga imeneyo monga ndimadziwira dzina langa, ndipo kuisiya kuti ikaphwanyidwe kukanakhala kuvomera kuti zonse zimene ndinaphunzira moyo wanga wonse n'zinyalala.

Ndinachotsa kiyi wa galaja pa mpukutu wanga n'kumuika pa kauntala. Bokosi langa la zida ndinaliika popondera mapazi pa sikuta.

"Bambo, chonde musataye ntchito chifukwa cha ine," Tiyamike anatero, misozi ili m'maso.

"Gwirani mbali iyo, achemwali. Tikankhe."

Tsiku limenelo amayi anu anali pa ofu. Anatiyang'ana tikulowetsa sikuta pakampata ka kuseri kwa nyumba yathu, manja ali m'chiuno. "Bambo a Dalitso, njinga ndaiona, mlendo ndamuona, bokosi ndaliona. Nanga ntchito mwaisiya kuti?" Ndinawafotokozera zonse. Anamutenga Tiyamike kupita naye kukhitchini, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi thireyi yakale yophikira makeke n'kuiponya pafupi ndi mapazi anga. "Ikani tizitsulo tanu umu. Mukataya kamodzi m'maluwa mwangamo, musandifunse."

Ndinatseka petulo, ndinachotsa mpando ndi bokosi la mpweya, kabureta n'kutuluka m'manja mwanga, yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Nditatsegula kambale ka pansi ndinapeza timadontho ta madzi ndi phala lobiriwira lonunkha ngati vanishi. Jeti yaikulu inali bwino. Yaing'ono, imene imadyetsa injini njinga ikaima, nditaiyang'anitsa kumwamba sinkaonetsa kuwala ngakhale pang'ono. Ndinaiviika m'mankhwala otsukira, ndinapisamo kaulusi ka bulashi, ndinapemerera, mpaka kadontho ka kuwala kanaoneka, kozungulira bwino. Ndinatsuka tinjira tonse ta m'kati, ndinayeza msinkhu wa fuloti, ndinakhetsa petulo wakale m'thanki n'kuthiramo wina. Pofika leveni koloko zonse zinali zitabwerera m'malo. Sikuta inalira. Tiyamike anatuluka m'khitchini akuwomba m'manja.

"Dikirani kaye," ndinatero. Ndinaisiya kuti itenthe, ndinakoka giya wa kudzanja n'kumusiya. Injini inakhala m'mwamba ikukuwa, kenako inatsika pang'onopang'ono n'kuzima.

Ndinali nditataya ntchito chifukwa cha njinga imeneyi, ndipo inali itandikana pamaso pa mkazi wanga, amene ankaonerera pawindo. Ndinakhala pa ndowa n'kuganiza. Jeti ndi yoyera, ndiye petulo akufika. Ngati mpweya ukuposabe, ndiye kuti ukulowera pakhomo lakuba. Ndinailizanso n'kuyamba kupopera mankhwala aja pang'onopang'ono kuzungulira mpira wolumikiza kabureta ndi injini. Pamwamba, palibe chinasintha. M'mbali, chimodzimodzi. Nditapopera kunsi, kulira kwa injini kunasintha nthawi yomweyo. Ndinachotsa mpirawo n'kuupinda, ndipo mng'alu unatseguka ngati kamwa la nsomba, pamalo poti diso silikanaona.

Ndinaimbira mashopu atatu a zipangizo. Awiri anati mtundu umenewo anasiya, lachitatu linati ndidikire masabata awiri. Nthawi inali itapitirira thwelofu. Ku Dedza ndikanamata ndi chubu cha njinga yakapalasa, koma chigamba chotero chimagwira sabata imodzi, ndipo mayiyu sankafunika sabata imodzi. Ndinalowa m'nyumba n'kuima pakhomo la khitchini. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anu anali atatenga kale makiyi a galimoto. "Kwerani," anatero. "Mwayamba kale, malizani."

Anandiperekeza kumalo ophwanyira magalimoto akale. Ndinayenda m'matope pakati pa milu ya zitsulo pafupifupi ola lathunthu, ndikugwada pa sikuta iliyonse, mpaka ndinapeza ya mtundu womwewo yophwanyika kutsogolo. Mpira wake unali wofewa, wopanda mng'alu. Ndinaupsompsona, mlonda wa pamalopo akundiyang'ana.

Tinafika kunyumba cha m'ma thu koloko. Nditamanga mpirawo panatsala ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse, yotchuna. Pambali pa kabureta pali tisikuluu tiwiri, kena kosakaniza mpweya ndi petulo, kena kokweza kapena kutsitsa kulira kwa injini njinga ikaima. Kosakanizako ndinakapotoza mofatsa mpaka kanafika pothera, osakakamiza, chifukwa nsonga yake ndi yosachedwa kuphwanyika. Ndinakabweza mozungulira kamodzi ndi theka. Injini itatentha ndinayamba kukasuntha pang'onopang'ono, ndikudikira kuti injini iyankhe ndisanasunthenso. Zala zinali zitauma ndi chisanu moti sikuludiraiva sindinkaimva, koma makutu anali amoyo. Kulira kunakwera, kunakweranso, kenako kunayamba kugwa. Ndinabwerera pang'ono pamene kunali pamwamba penipeni, n'kutsitsa ndi kasikuluu kachiwiri kaja mpaka tayala la kumbuyo linasiya kuzungulira. Injini inakhazikika, du du du du, mofanana ngati mtima wa munthu wogona bwino. Ndinakoka giya n'kumusiya. Inakwera n'kubwerera pomwepo.

Ndinavala chipewa chokwerera njinga cha Tiyamike, chimene chinandifinya makutu, n'kuikwera. Ndinadutsa maloboti anayi a mu Coventry Road, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkapempherera kuti andiimitse. Anandiimitsa atatu. Sinazime. Nditabwerera ndinachotsa pulagi n'kuionetsa kwa amayi anu ndi kwa Tiyamike, ngakhale sankadziwa chimene akuona. Inali yofiirira ngati mtedza wokazinga.

Tiyamike ananyamuka hafu pasiti fili. Ine ndi amayi anu tinakhala pa tebulo, foni ili pakati pathu. Inalira folo koloko isanakwane.

"Bambo, ndafika! Ndafika nthawi isanakwane, moti ndangoima panja kudikira kuti ndigogode. Sinazime ngakhale kamodzi. Bambo, Mulungu akudalitseni, ndilibe mawu."

Amayi anu anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, kenako anakumbukira kuti akwiya. "Zikomo, a dokotala. Nanga mawa mudzuka kupita kuti?" Iwe Thokozani utamva pafoni unangoti, "Dad, are you serious?" Sabata imeneyo inali yaitali kwambiri.

Yankho linabwera Lamulungu. Titatuluka m'tchalitchi ndinapeza masikuta asanu ataima pamalo oimika magalimoto, eni ake ataima pambali. Atatu anali Amalawi, awiri a ku Chipata, onse a ntchito ya keya. Tiyamike anali atalengeza pa gulu lawo la pafoni. Mmodzi wa a ku Chipata aja anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Atate, ndimwe a Kachingwe? Yanga ikudya petulo monga ili na chilala."

Bordesley Green, zaka zitatu zomaliza

Ndinapeza kagalaja kotsekera ndi chitseko cha malata kuseri kwa nyumba zina ku Bordesley Green, kopanda chikwangwani, kokwana njinga zitatu ndi ketulo. Sindinasowepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Lamulo langa linali limodzi: mwini njinga sachoka. Aime pambali panga, agwire tochi, aone chimene ndikuchita, chifukwa njinga siifera pakhomo la makaniko, imafera kutali mvula ikugwa. Ena ankanyinyirika kuti atopa ndi shifiti. Tiyamike yekha ankabwera ngakhale njinga yake ili bwino, kudzaonerera za anzake ndi kufunsa mafunso mpaka kunditopetsa. Patapita miyezi, anthu ena anayamba kufika akunena kuti awatumiza ndi Tariq. Tinakumana pa maliro a a Yunusu, tinagwirana chanza, ndipo anandiuza kuti apongozi ake atamva nkhani ija anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ankadabwa kuti Mista Sam apirira bwanji zaka zinayi.

Chimene chinandipumitsa ndi nyamakazi ya m'zala. Tisikuluu tija tinayamba kundipulumuka, ndipo makaniko wogwetsa jeti m'fumbi kawiri pa tsiku ayenera kudziwa kuti dzuwa lapendeka. Loweruka lotsekera ndinkaganiza kuti ndingosesa n'kubweza kiyi. Nditakhota pakona ndinapeza kanjira konse katadzaza masikuta, anthu atanyamula mapoto a mpunga ndi nkhuku, ena ali m'mayunifomu pochokera ku shifiti ya m'mawa. Anandikhazika pa mpando wa pulasitiki pakati pa njira. Wina anapereka chizindikiro, onse analiza njinga zawo nthawi imodzi, mpaka aneba anatsegula mawindo.

M'phokoso lonselo khutu langa linagwira imodzi, cha kumapeto kwa mzere, ikulira mopyapyala. Inali ya mayi wina amene anali atangofika kumene kuchokera ku Kasungu. Ndinayamba kudzuka pampando.

"Khalani pansi, bambo," anatero Tiyamike, dzanja lake lili paphewa langa. "Ndaimva kale."

Anapisa m'thumba la yunifomu, momwe munali magolovesi ndi cholembera, n'kutulutsa kasikuludiraiva. Anapita kumapeto kwa mzere, anagwada pa simenti, anapendeketsa mutu kuti amve bwino, n'kumuuza mwini njingayo kuti, "Asisi, musapite patali. Imani apa muone."